Mashini ya Salaula: Tiyeni mu Lumumba Tikasakile Chopindila Nsimbi za Motoka

Komboni iliyonse mu Lusaka ili na motoka yake imene inagona pa mabuloko. Ku Chawama iliko, ku Matero iliko, ku Mtendere ndiye osakamba. Peugeot 504 ya malemu ba tate, Datsun 1200 imene inali kunyamula malasha, ka Fiat kaja kamene anali kumanga ku Livingstone m'zaka za m'ma 1970. Nkhuku zinapezamo nyumba, ana anapezamo pobisala. Injini mwina ikali na moyo, koma pansi nguwe inadya: mukakhala pa mpando wa dalaivala muona dothi pakati pa mapazi.

Manje motoka izi zayamba kuuka. Yanganani mavidiyo a nyimbo na zithunzi za maukwati masiku ano. Motoka ya kale yowala bwino imaba maso kupambana Benz ya manje manje, ndipo mwine wake salipilitsa za masewela. Ndiye chifukwa chake anyamata ambili ayamba kuiyangana na diso lina ija ili kuseli kwa nyumba.

Koma mvelani. Injini si nkhani, amakanika tili nawo mu msewu uliwonse. Nkhani ni thupi. Palibe shopu mu town imene izakugulitsani fulo ya Fiat 128 olo pansi pa chitseko cha 504. Izo mufunika kupanga mweka, kuchokela ku shiti ya nsimbi. Mukapanda kutelo muzachita zimene ambili amachita: kumata filler pa chibowo, kupenta, na kupemphela. Pothole yoyamba ya mu mainza, filler yonse pansi. Kuti nchito ikhale ya zoona pafunika mashini yopindila nsimbi, ndipo yatsopano mtengo wake ungakugwetseni. Yotsala ni ya salaula. Lelo tiyenda pamodzi kukaisakila.

MUSANANYAMUKE

Choyamba dziwani nsimbi imene muzasebenza nayo. Thupi la motoka ni lopyapyala, kambili mamilimita 0.8 kufika 1.2. Ma bracket na malo ogwila mphamvu ndiye amafika 1.5 olo 2. Malata a pa nyumba aiwaleni. Ni opyapyala maningi, ndiponso ali na zinc imene utsi wake ukalowa m'chifuwa powochelela mumamvela monga malungo. Ma welder ena amati ukamwa mkaka wapola. Mkaka suteteza mapapo, mwandi.

Chachiwili dziwani maina, kaili mukafika ati "nifuna chija chopindila" azakuonani kuti ndimwe mlendo, mtengo nawo ukwela. Mashini yoyamba pa zonse ni folder, makamaka imene amati box and pan. Ili na zala za nsimbi zochotseka, ndiye mungapinde mbali zonse zinayi za chinthu monga bokosi ya batili. Ya mamita 1.2 m'lifupi ikwana, chifukwa shiti ya mu shopu nayo ni mamita 1.2 kwa 2.4. Yachiwili ni bead roller, ena amati swage, imene imaika mizele ija muona pa fulo ya motoka. Mizele ija si yokongoletsa: ndiye imalimbitsa nsimbi kuti isamalile monga chigubu mukapondapo. Pali shrinker na stretcher, tumashini tung'ono topetela m'mphepete mwa madigadi na mwa mawindo. Pali slip roll ya ma roller atatu yopangila chozungulila, pali guillotine yojubila shiti molunjika, pali English wheel youmbila nsimbi kuti itupe monga chipapa cha madigadi. English wheel ikhale yothela. Ifuna manja ozolowela, ndipo kuno siipezeka wamba.

M'chola ikani tepu, sikweya, tochi, nyuzipepa yakale na tumapisi tutatu twa shiti ya milimita 1. Valani nsapato zotseka na malaya amene simuwamvela chifundo. Yendani mkati mwa sabata. Pa Chiwelu mawekishopu ambili amatseka masana, ndipo mwine wa mashini kambili sapezeka.

LUMUMBA NA MUNGWI

Selukani pa City Market, muyambe kuyenda mu Lumumba Road kulowela kumpoto. Poyamba ni chipwilikiti cha masiku onse: makondakita akuwa, mawilibala a tomato ochokela ku Soweto, amai a chinangwa chootcha. Mukapitilila mphambano ya Mumbwa Road msewu uyamba kusintha fungo. Salaula na nsomba zitha, pabwela dizilo, gilizi na fumbi. Mashopu a ma spare, a matayala, a mabauti, magalaji amene motoka zake zasefukila mpaka pa msewu. Matilaki aatali a ku Dar es Salaam na a ku Congo aima m'mbali monga ng'ombe zodikila dibi.

Apa musathamange. Lowani m'tumisewu twa mkati, mufunse ma panel beater. Safunsa anadya phula. Iwo ndiye adziwa wekishopu imene itseka, mudala amene maso afooka afuna kugulitsa zitsulo zake, kampani imene yagula mashini ya kompyuta ndipo yakale yaikankhila pa kona. Mashini zabwino sizikhala na chikwangwani cha "for sale". Zimakhala pansi pa tenti, pamwamba pali makapu a tiyi.

Mukakhotela mu Mungwi Road mwalowa mu heavy industrial area yeniyeni. Mipanda itali, mageti a nsimbi, malonda pa ka windo. Kuno na ku Kopala, maka maka Ndola na Kitwe, ndiye kunali mtima wa mafakitale a dziko lino. M'zaka za m'ma 1990 makampani a boma atayamba kugulitsidwa, ambili anatseka, mashini zawo zinapita pa okushoni na kumwazikana m'mawekishopu ang'onoang'ono. Ndiye chifukwa chake mungapeze folder ya Edwards ya ku London, penti yobiliwila inasuluka, zaka zake zopitilila za ba tate anu, koma ikali kupinda bwino kupambana zina zatsopano zowala. Akale sanali kuumila nsimbi.

Kuno kulinso msampha. Azakuonetsani press brake ya hydraulic, chimashini chachikulu monga kantemba, ati "ba boss, iyi ipinda chilichonse, tengani pa mtengo wa scrap." Mtima uzagunda. Funsani funso imodzi chabe: isebenza na malaiti abwanji? Mashini zotele zifuna three phase, mavolti 400. Pa nyumba panu ZESCO inakupatsani single phase, mavolti 230. Kukoka three phase ni ndalama zina, kuinyamula ifuna crane, ndipo simenti ya pa yadi ya landilodi izang'ambika tsiku lomwelo. Ikani pamenepo na load shedding. Mukumbukila 2024, madzi atachepa ku Kariba, pamene makomboni ena anali kuona malaiti maola atatu chabe pa tsiku? Amene anali na mashini za magetsi anali kuseweletsa foni pa benchi. Amene anali na folder ya manja anali kupinda. Pa nsimbi ya milimita 1, mphamvu ya nsima ikwana.

KUMENE MASHINI ZIMAFELA

Musatuluke mu industrial area musanalowe mu yadi ya scrap. Zilipo zambili, kuno na ku Chinika mu Mumbwa Road. Muzaidziwa na sikelo pa geti na mzele wa anyamata okankha mawilibala a nsimbi. Mkati ni phili: mainjini, masipulingi, mabedi a chipatala, zitseko za minibasi. Pansi pa phili limenelo nthawi zina pamagona mashini yathunthu imene inangosowa hendulo olo bauti imodzi.

Wa scrap sayangana dzina la mashini, ayangana makilo. Kwa iye folder ya zaka 60 na njanji ya bedi ni chimodzi. Tilaki ikadzala, nsimbi zipita kukasungunulidwa, zina ku fakitale ya nsimbi ku Kafue, zikabwelako ni ma bar omangila nyumba. Palibe cholakwa, ni bizinesi. Koma mashini yotele ikalowa mu ng'anjo siibwelanso, ndipo palibe amene apanganso ya mtundu uja. Ndiye mukaiona lelo, musakambe ati nizabwela kumapeto kwa mwezi. Kambilanani, siyani kangachepe, mulembelane. Siyaninso namba yanu kwa anyamata a pa sikelo, muwaonetse chithunzi cha chimene mufuna. Ka talk time kamene muzawagulila kazabwela na phindu.

Mu yadi imeneyi muyanganenso madenga na maboneti a motoka zakufa. Denga la motoka yakale ni shiti yabwino, yochipa, ndipo kambili kukhuthala kwake kulingana na kwa motoka yanu.

Chenjezo limodzi, ndipo apa sitiseka. Sikuti nsimbi iliyonse yogulitsidwa inabwela na njila yabwino. Munthu akakuitanilani kuseli, mtengo wa bwanamkubwa wausandutsa wa mbasela, afuna cash manje manje ndipo lisiti akana, yendani. Kupezeka na katundu wakuba ni mlandu, ndipo apolisi sazamvela zakuti simunadziwe. Lembani kalata yogulitsilana: dzina la wogulitsa, namba ya NRC, namba ya mashini ngati ilipo, mtengo, tsiku, mboni ziwili. Chimodzimodzi aja a pa Facebook amene mashini yawo nthawi zonse ili ku Nakonde ndipo afuna mutumize ya transport pa mobile money. Chimene simunachigwile na manja musachilipile.

MANDEVU NA GARDEN

Bwelelani mu Lumumba, mupitilile Buseko pamene pamanunkhila mapulanga na udzu wofolelela, mukatulukile mu Great North Road. Kutsogolo kuli Mandevu na Marapodi. Akuluakulu amakamba kuti dzina la Mandevu linachokela ku amuna a ndevu zitalizitali ochokela ku Zimbabwe, a mpingo wa Apostoli, amene anakhala kumeneko na luso lawo la ukalipentala na kukhoma zidebe. Mpaka lelo nyundo siileka kulila. Mbaula, mabaketi, mabafa, zodyela nkhuku, zonse zichoka m'manja mwa anthu amene amapinda shiti pa chidutswa cha njanji na nyundo ya mtengo. Imani pang'ono muyangane mmene mudala amapindila mkombelo wa baketi popanda kupima kawili. Kumeneko mungapeze bead roller ya manja, kaili okhoma zidebe amaisebenzesa poika mizele pa mabaketi. Muzaphunzilanso kuti mashini ni wothandiza chabe, luso lili m'manja.

Kuchoka apo lowani mu Katima Mulilo Road, mudutse Garden. Uyu ndiye msewu wa ma welder. Mageti, mafelemu a zitseko na a mawindo, ma stand a matanki, zonse zaimikidwa m'mbali mwa msewu monga zili pa chionetselo. Gilainda ilila uku, moto wa buluu uthwanima uko, osauyangana. Mafolder aliko ambili kuno chifukwa mafelemu a zitseko amapindidwa, ndipo wina amakhala afuna kugulitsa kuti agule ikulu.

Koma mashini ya kuno yasebenza nchito ya chipongwe. Pa kambale ka mashini pamalembedwa malile ake, tinene mamilimita 1.6. Nsimbi ikakhuthala kawili, mphamvu yoipindila siikwela kawili, imakwela pafupifupi kanayi. Manje ganizani folder ya 1.6 imene anyamata atatu akhala akuilendewela, paipi yaitali ku hendulo, kupinda flat bar ya mamilimita 5 olo round bar ya ma burglar bar. Kunja izaoneka bwino, maka maka akaipaka penti dzulo lake. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyelele. Penti yatsopano pa mashini yakale ikupatseni mafunso, osati chimwemwe.

MOYESELA

Apa ndiye chola chija chisebenza. Musachite manyazi, ndalama ni zanu.

Yambani na tochi. Pukutani gilizi, muyangane m'makona na pafupi na mahinji. Musakila ming'alu na malo owochelela. Mbali zambili za mashini zakale ni cast iron, ndipo cast ikang'ambika kuiwochelela kuti ilimbe monga kale ni nchito yovuta. Mng'alu pa hinji, isiyeni olo akuchotseleni hafu.

Gwilani chipapa chimene chimanyamuka popinda, muchigwedeze. Chikamachita khokhokho, mapini adyeka. Mapini na mabushi wa lathe angakupangileni, ndiye ichi ni chotsitsila mtengo, osati chothawila. Ikani diso kumapeto kwa chipapa muyangane m'litali mwake monga mmene kalipentala amayanganila pulanga. Chikakhala na mimba pakati, mashini inalemedwa.

Welengani zala. Zonse zilipo? Milomo yake ni yakuthwa bwino olo ili na mano monga chikwanje chakale? Chibanthu chilichonse pa chala chizasiya chidindo pa shiti yanu. Ng'ambani nyuzipepa, muike tumapepa pansi pa zala kumanzele, pakati na kumanja, mutseke, mukoke. Pamene pepa ituluka mosavuta, mashini siigwila.

Manje pindani tumapisi tuja, kamodzi kumanzele, kena pakati, kena kumanja, tonse kufika pa sikweya. Kumbukilani kuti nsimbi imabwelela pang'ono mukaileka, ndiye mumapitililako pang'ono. Tuikeni pamodzi. Tukalingana, mwapeza chinthu. Tsiku lolipila bwelani na shiti yaitali kulingana na mashini yonse, chifukwa folder yotopa imapinda bwino kapisi kang'ono, koma pa shiti yathunthu kumapeto kumatuluka sikweya, pakati pagona. Wogulitsa akakana kuti muyese, wakuyankhani kale.

Pa slip roll na bead roller yendetsani chala pa ma roller. Nguwe ya pamwamba imachoka na sandpaper na mafuta. Maenje sachoka, ndipo azadinda panel iliyonse. Zungulutsani hendulo mumvele ngati magiya alumpha. Pa guillotine yanganani mipeni na maso chabe, zala kutali, ndipo jubani shiti muone ngati idula olo itafuna.

Pokamba mtengo tengani mudala wa nchito iyi, olo mnzanu amene anaphunzila metal fabrication pa koleji ya TEVETA. Mutchuleni wogulitsa "ba mudala" olo "ba boss", mumvele mbili ya mashini yake mpaka ithe, ndiye mutchule zimene mwapeza chimodzi chimodzi. Munthu amene wasunga mashini zaka 30 amafuna kudziwa kuti ipita m'manja abwino, ndipo nthawi zina ulemu umatsitsa mtengo kupambana mkangano. Funsaninso tuzitsulo twake. Zala zotsala na ma roller a bead roller kambili zimakhala mu chitini pa kona, ndipo mukaziiwala tsiku limenelo simuzazionanso.

KALINGALINGA, NA ULENDO WA KU NYUMBA

Ngati thumba yakana zonse izi, musataye mtima. Dutsani Great East Road mupite ku Kalingalinga, mu Alick Nkhata Road, kumene ma welder na akalipentala ayala nchito zawo. Kumeneko angakupangileni folder ya angle iron yokhuthala na mahinji olimba. Siizakhala na zala, siizapinda bokosi, koma pa shiti ya milimita 1 na m'lifupi mosapitilila mita imodzi imagwila nchito. Iyeseni chimodzimodzi na tumapisi tutatu. Ambili anayambila pa yotele.

Ndalama yogulila ichoke ku chilimba olo ku zimene mwasunga. Kaloba pa mashini imene izayamba kubweza pakapita miyezi ni kudzimangilila mwala m'khosi. Gulani imodzi imodzi: folder poyamba, bead roller pambuyo, shrinker na stretcher mukayamba madigadi. Kujuba mungayambe na sizala ya nsimbi.

Ponyamula, folder ya mamita 1.2 yoima pa miyendo yake ingapitilile makilo 200, ndipo kulema kwake kuli kumwamba. Imagwa mosachenjeza. Hayani Canter, osati taxi. Mangani chipapa na mahendulo kuti visayende, muimange na malamba ku mbali zonse, ndipo pasakhale munthu woigwilila kumbuyo ati nizaichilikiza. Pa hump yoyamba munthu sangaigwile. Mtengo wa Canter na wa anyamata onyamula muuwelengele pamodzi na wa mashini musanavomele.

Ku nyumba kambani na landilodi mashini isanafike pa geti, osati itafika. Kambani na aneba za maola a nyundo, kaili mwana wa eni akalephela kugona nkhani izafika ku khansolo. Imangeni pansi na mabauti pa simenti, muifolele ku mvula, muipake mafuta pa milomo na m'mahinji. Mukachoka mangani hendulo na loko. Ana a mu yadi amakonda chilichonse chimene chimayenda, ndipo folder siidziwa kusiyanitsa shiti na chala.

Ikakhazikika, musayambile pa motoka. Dulani katoni ya pa shopu mupange chitsanzo, mupinde bokosi ya zitsulo zanu, mupinde ina, mpaka makona ayambe kukumana okha. Aneba akaona, azayamba kubwela: uyu afuna gutter, uyu chodyela nkhuku, uyu thileyi ya uvuni ya ma scone. Musakane. Tunchito utu ndiye tuzagula shiti, waya wowochelela na penti, ndipo manja azakhala azolowela pofika tsiku lojuba fulo yoola ija.